Mbendera za Mayi Ardis Kadlec

Mukalowa m'holo ya masewero pa sukulu iliyonse ya mu ligi yathu ya Otter Bluff n'kukweza maso, mumaona mbendera zitandandalikidwa pakhoma, sukulu iliyonse yakeyake. Kwa zaka makumi asanu mbendera zonsezo zinkachokera m'kachipinda kamodzi pa famu ya nkhumba ndi chimanga ya banja la Kadlec, ndipo wosoka wake anali mayi Ardis. Ine ndakhala nawo moyandikana minda kuyambira 1971, chaka chomwe ndinabwera kudzaphunzitsa masamu ku sekondale ya Halvor, kuno kumpoto kwa dera la Iowa, ku America.

A Ardis anabadwa mu 1938, ku banja la Tollefsrud, ku Halvor komweko. Ligi inayamba iwo ali ndi zaka khumi, pamene ahedi a masukulu asanu ndi imodzi anatopa ndi kulemberana makalata opemphana masewero, n'kugwirizana zomakumana chaka ndi chaka. Mwa masukulu oyambitsawo, awiri sankamwerana madzi: Halvor, ya malaya ofiira, ndi Brezina, ya malaya abuluu. Matauni awiriwa atalikirana mamailosi khumi ndi imodzi basi, koma munthu wa ku Halvor ankalolera kuyenda mtunda wautali kukagula misomali kwina kusiyana n'kukaigula ku Brezina.

Ali mtsikana, a Ardis ankasewera basiketibo, ija yakale ya atsikana asanu ndi mmodzi mbali iliyonse, ndipo anali wogoletsa woopsa. Mu Januwale 1956, tsiku lomwe chipale chofewa chinafika m'mawondo, timu yawo inapita kukasewera ku Brezina. Pamzere wakutsogolo panakhala mnyamata wina wapakamwa, dzina lake Lumir Kadlec, yemwe sanasewerepo mpira chibadwire koma pa zonyoza analibe mnzake.

"Iwe nambala seveni!" anakuwa Lumir. "Miyendo ngati ya kakowa! Samala ingathyoke!"

Ardis anangolimbikira kusewera. Anagoletsa mapointi makumi anayi ndi imodzi. Mpira utatha anapita molunjika pomwe panakhala mnyamatayo, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, mawu aja munawasiya kuti? Chigawo chachiwiri chonse sindinakumveni."

"Ndimawerenga zigoli zanu, chemwali. Zala zinandithera."

Anakwatirana mu 1959. Bambo ake a Ardis anangoti, "Mnyamatayo ndi wolimbikira, ulemu alinawo. Koma nanga amuna anatha kuti mpaka ukatole wa ku Brezina?"

Famu yomwe anapeza inali pakati penipeni pa matauni awiriwa, ndipo kunyumba ankakhala mwamtendere ndithu. Koma tsiku la mpira wa Halvor ndi Brezina, ankakwera galimoto imodzi, n'kukasiyana pakhomo la holo, wina kumanja wina kumanzere. Malire a boma anaika nyumba yawo mbali ya Halvor, choncho mwana wawo Gail atakula anavala malaya ofiira. A Lumir sanasamuke pampando wawo pakati pa anthu a ku Brezina. Gail akagoletsa, ankawomba m'manja mobisa, manja ali m'kati mwa jekete.

Zosoka zinayamba mu 1964, pamene sukulu ya Teal Lake inalowa mu ligi. Chizindikiro cha timu yawo ndi bakha. Mbendera zawo anakazigula kumzinda, ndipo zitapachikidwa, bakhayo ankaoneka ngati nkhuku yososola. A Ardis anaseka mpaka misozi, ahedi a ku Teal Lake ali pambali pawo.

"Mayi, kuseka n'kosavuta," anatero ahediwo, nkhope ili gwa. "Ngati inu mungathe, tisokereni."

Patatha milungu itatu a Ardis anabwera ndi mbendera zisanu ndi ziwiri, holo iliyonse yake, bakha wake wooneka ngati auluka pompo. Masukulu ena ataona, nawonso anayamba kudandaula kuti zawo zasuluka. Basi ntchito inawagwera a Ardis.

Chiyambire pamenepo, nkhani ya sukulu yolowa kapena yotuluka mu ligi a Ardis ankaidziwa nyuzipepala isanadziwe, chifukwa ahedi ankayenera kuwauza msanga kuti ayitanitse nsalu. Chinsinsi ankasunga, koma anthu anapeza njira. Ankangofunsa kusitolo kuti mayi Kadlec ayitanitsa nsalu ya mtundu wanji. Mu 1973 anayitanitsa yachikasu, ndipo dzuwa lisanalowe dera lonse linali litadziwa kuti sukulu ya Ketter ikubwera. Chaka chotsatira anagula yobiriwira, anthu n'kukangana mlungu wathunthu kuti ndi sukulu iti. Zinali za makatani a kukhitchini kwawo.

Pofika 1975 ligi inali ndi masukulu khumi. Kenako zaka za m'ma 1980 zinabwera ndi mavuto ake. Alimi ambiri anasiya minda n'kusamukira kumizinda, ndipo makalasi anayamba kuchepa ana. Sukulu ya Orland, imodzi mwa zoyambitsa zija, inatsekedwa mu 1985. A Ardis anayenda holo ndi holo kutsitsa okha mbendera za Orland, anazichapa, kuzisita, n'kukazipereka kwa kochi wokalamba wa sukuluyo. Tsiku limenelo sanafune kucheza ndi munthu.

Mu 1988 zinatifikira ifeyo. Kalasi yanga ya omaliza sukulu inali ndi ana khumi ndi anayi, ya ku Brezina khumi ndi mmodzi. Makomiti a masukulu awiriwa anagwirizana kuti palibe kuchitira mwina, masukuluwa aphatikizane. Zikuluzikulu zonse zinayenda bwino: ana aakulu aziphunzira ku Halvor, aang'ono ku Brezina. Za mtundu wa malaya ana anathana nazo okha, anasankha wofiirira wa pakati pa kufiira ndi buluu. Chomwe chinavuta ndi dzina. Kodi ikhala Halvor-Brezina kapena Brezina-Halvor?

Msonkhano unachitika Loweruka masana m'holo ya ku Brezina. Amayi a kumeneko anabweretsa mabanzi awo a jamu pakati, athu anabwera ndi zitumbuwa zopyapyala za mbatata, ndipo aliyense ankadya za kwawo zokha. A Brezina ankati pa afabeti B ndiye amayamba. A Halvor ankati tauni yawo ndiyo inayamba kumangidwa. Mkulu wina anayimirira n'kukumbutsa anthu za chigoli chomwe woyimbira anakana mu 1961. Maola awiri anatha choncho.

Kenako a Ardis anayimirira.

"Abale anga, ine nsalu yafika kale. Mbendera zofunika ndi zisanu ndi zitatu, ndipo masewero ayamba mwezi wamawa. Mukapanda kundiuza lero, ndisokapo dzina langa."

Anthu anaseka, ndipo m'kusekako munthu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Bwanji a Kadlec atithetsere okha? Ayime pamzere, aliyense aponye mpira m'golo ya basiketibo kakhumi. Wopambana, tauni yake iyambe!"

Ife a ku Halvor tinavomera msangamsanga, tikudzigwira pakamwa kubisa chiseko. A Ardis anali ndi zaka makumi asanu, koma dzanja linali likadalipo. A Lumir aliyense ankadziwa kuti mpira wawo ndi wapakamwa. A ku Brezina anayamba kukana, koma mwini wake anayimirira, n'kuvula chipewa pang'onopang'ono.

"Musade nkhawa, anthu akwathu. Ndipatseni mpirawo."

"Bambo a Gail, khalani pansi," anatero a Ardis. "Mudzagona ndi msana wopweteka, wokusisitani n'kukhala ine ndemwe."

"Mayi a Gail, yambani ndinu. Ulemu kwa alendo."

A Ardis anavula nsapato zazitali, n'kuyima pamzere ndi masokosi okha. Mpira woyamba unalowa osakhudza chitsulo cha golo. Wachiwiri chimodzimodzi. Mbali yathu inali chiphokoso chokhachokha. Anaphonya wachisanu ndi wachisanu ndi chitatu, ina yonse inalowa. Isanu ndi itatu mwa khumi.

A Lumir anatenga mpira, anaugwira ndi manja awiri pakati pa mawondo ngati akunyamula ndowa ya chakudya cha nkhumba, n'kuuponya chokweza kuchokera pansi. Holo yonse inafa nacho chiseko. Mpira unalowa. Anaponyanso, unalowa. Pofika wachisanu, ife kuseka kunali kutatithera. Anaphonya wachisanu ndi chiwiri wokha. Asanaponye womaliza anatembenukira kwa akazi awo.

"Mukuwerenga, mayi?"

"Ponyani, nkhalamba inu, musatitayitse nthawi."

Mpira unazungulira pachitsulo kawiri, n'kugwera m'kati. Isanu ndi inayi.

Anthu a ku Brezina anawanyamula m'mwamba, munthu wa thupi lake ndithu, mpaka ena anatsala pang'ono kugwa nawo. A Ardis anayima manja ali m'chiuno.

"Munaphunzira liti zimenezi?"

"Golo ija tinamukhomera Gail m'shedi ya udzu," anayankha a Lumir akupuma mwawefuwefu. "Iye atapita ku koleji inangokhala. Ndiye ndikamaliza kudyetsa nkhumba, ndinkaponyako pang'ono."

"Zaka khumi zonsezi? Ine n'kumati munthu akulimbikira ntchito!"

Atatero anapita patebulo la a ku Brezina, anatenga banzi la jamu n'kuluma anthu onse akuona. Posakhalitsa matebulo awiri aja anali atasakanikirana.

Mbendera zinatuluka pa nthawi yake, dzina lili Brezina-Halvor monga mwa pangano. Mpira woyamba wa timu yatsopano unali wolimbana ndi Teal Lake, ndipo kwa nthawi yoyamba banja la Kadlec linakhala pabenchi limodzi, ine ndili kumbuyo kwawo. Sizinayende. A Lumir ankalalatira woyimbira, a Ardis ankalalatira a Lumir kuti malamulo sakuwadziwa. Pa nthawi yopuma a Lumir anayang'ana kukhoma nthawi yayitali, n'kuwakodola akazi awo.

"Mayi a Gail, H uyo sakuoneka wamkulu kuposa B?"

"Maso anu akalamba, bambo."

Ine ndinakayeza ndi rula Lolemba lake, poti masamu ndi ntchito yanga. H anali wotalikirapo ndi theka la inchi. Sindinauze munthu mpaka a Lumir atamwalira mu 2011. Pa chakudya cha pamaliro ndinaulula, ndipo a Ardis anati pa mbendera zonse zisanu ndi zitatu zinali choncho, ndipo amuna awo anakayeza okha kalekale.

Ligi inapitiriza kusintha. Ketter inakula n'kupita ku ligi ya masukulu akuluakulu mu 1996, sukulu za Dorrance ndi Millbank zinaphatikizana, masukulu awiri a kumadzulo analowa. A Ardis anasoka zonsezo mpaka 2014, pamene nyamakazi inawapinda zala. Kuchoka apo mbendera zinayamba kudindidwa pamakina, ndipo iwo amati n'zonyezimira bwino koma zilibe kulemera.

Chaka chathachi mu ligi munalowa sukulu ya Wexley, ya m'tauni yomwe muli fakitale ya nyama. Mabanja ambiri kumeneko anachokera ku Mexico ndi ku Guatemala, ndipo ana awo ndi akatswiri a mpira wamiyendo, womwe ligi yathu inali isanaseweretsepo. Mayi wina wa komiti ya makolo ya sukuluyo, a Marisol Ocampo, ataona mbendera zakale m'holo mwathu, anafufuza mpaka anafika pakhomo pa a Ardis.

"Agogo, ife mbendera yodinda sitikuyifuna. Tikufuna ngati zanuzi."

A Ardis anawaonetsa zala zawo. "Mwana wanga, izi ndi zala kapena mizu ya mtengo?"

"Zala tili nazo ife. Inu mungotiuza."

Ndiye Lachinayi lililonse kwa miyezi iwiri, amayi anayi a ku Wexley ankabwera kudzakhala m'kachipinda kaja, a Ardis ali pampando pakati, kuloza ndi ndodo. Anawamasulitsa ulusi kangapo konse. Mchira wa nkhandwe, chizindikiro cha Wexley, unasokedwa katatu usanavomerezedwe.

M'mwezi wa Epulo ndinawatenga pa galimoto yanga kupita ku Wexley kukaonera mpira wamiyendo woyamba wa ligi. Kunali mphepo yozizira, ndipo a Marisol anawafunditsa bulangete n'kuwakhazika kutsogolo. Anyamata athu, omwe ambiri anayamba masewerowa chaka chomwecho, anachinyidwa zigoli zisanu ndi chimodzi kwa duu. A Ardis anaonera mwachidwi mpaka mapeto, akufunsa chilichonse.

Pobwerera, titadutsa mlatho wa Otter, a Ardis anati, "Aphunzitsi, ana athuwa akuthamangira mpira onse pamodzi ngati nkhuku pa chimanga. Kochi wawo ndani?"

Ndinawauza kuti ndi mnyamata wina wophunzitsa sayansi, wangoyamba kumene.

"Mawa mundiperekeze kusukulu. Ndikacheze naye pang'ono."