Chaka Chimene Agogo Semba Adabereka Mwana

Ndikakumbukira agogo Semba, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la chitenje chawo: utsi wa milamba yowamba, fodya wopichira pamanja, thukuta la dzuwa la kwathu kuchigwa, ndi kamkodzo ka mwana kamene sikankachoka ngakhale chitenjecho chichapidwe ndi sopo. Inde, agogo anga aamuna adali ndi chitenje chawochawo, ndipo mudzi wonse unkadziwa ntchito yake.

Tinkakhala m'mphepete mwa dambo, ulendo wa njinga kuchokera pa Bangula. Agogowo adali bambo awo a bambo anga. Adali msodzi moyo wawo wonse mpaka tsiku limene mvuu idagubuduza bwato lawo n'kuwapweteka chiuno. Kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina, mwendo wamanzere ukukhwekhwereza pansi, ndipo ankaswera pamthunzi wa nimu kulukira asodzi anzawo miono ya bango. Agogo aakazi adali atatisiya kale. Bambo ankadula nzimbe ku Nchalo, kunyumba ankabwera mwezi ukatha. Amayi ankalawirira kudoko kukagula nsomba, kuziwamba, n'kukagulitsa pamsika, ndipo masiku ena ankakhala kudimba.

Mlongo wanga Zuze adabadwa ine ndili Sitandade 2, mano akutsogolo atangoyamba kumera. Atafika poyamba kudya phala, amayi adabwerera kugeni yawo, poti pakhomo pamafunika kudya. Palibe amene adakhala pansi n'kugamula kuti ine Joana ndisiye sukulu. Zidangoyamba kuti lero utsale ndi mwana, upita mawa. Mawalo likafika, nsomba zachuluka padoko, utsalenso. Yunifolomu yanga idakhala pachingwe m'nyumba mpaka idagwira fumbi. Sizidali zachilendo. Atsikana ambiri amsinkhu wanga ankayenda ndi ana kumsana, miyendo ya makandawo ikuwagunda m'mabondo, ndipo ine ndinkanyadira ndithu kuti ndakula.

Tsiku lina masana anzanga ataweruka adayambitsa fulaye pabwalo pathu pomwe. Ndidayima pambali Zuze ali kumsana, ndikuwayang'ana, mapazi akundiyabwa. Atandiitana kuti ndilowe pakati, ndidalowa. Mpira utabwera ndidaudumpha, utabweranso ndidawerama mwadzidzidzi, mfundo ya chitenje n'kumasuka. Zuze adatsetsereka n'kugwera pamchenga chafufumimba. Adang'ambika mlomo, magazi ali chuchuchu pachibwano. Nthawi yomweyo amayi adatulukira ndi dengu pamutu. Adamutola, kumupukuta, kumuyamwitsa, ndipo atangotonthola adathyola kanthambi ka nimu n'kundigwira dzanja.

"Make Joana," adaitana agogo, osakweza mawu, manja akadali pamono. "Mukumukwapulira chiyani?"

Amayi adagwada chapatali monga amachitira mpongozi. "Bambo, akadapha mwana. Ndamusiyira mwana, iye akusewera."

"Ndaona. Nanga mumati atani? Uyunso ndi mwana. Mwasiyira mwana mwana mnzake, ine wamkulu ndili pompano ndikuyang'ana. Wolakwa ndani?"

Agogo adapitiriza kuti kuyambira mawa Joana azipita kusukulu, Zuze azitsala ndi iwo.

"Bambo, anthu ati chiyani? Ati ndine mpongozi wopanda ulemu, wosandutsa apongozi ake mlezi."

"Anthuwo abwere adzamulere," adatero agogo, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa mwake adandiitana kuti ndiwaphunzitse kubereka. Adawerama atagwira tsinde la mtengo, ine n'kumukhazika Zuze pamsana pawo, ndikuwauza kuti mfundo yam'mwamba imange pachifuwa, yam'munsi igwire matako. Idavuta ndi yam'mwambayo, poti inkangotsetsereka. Mai Fatima oyandikana nafe adaseka mpaka kukhala pansi, kenako adabwera n'kuwaonetsa kumanga chodutsitsa paphewa. Phala loyamba agogo adalipsereza. Lachiwiri lidali lamibulu. Koma sadabwerere m'mbuyo, ndipo posakhalitsa ankapita kudoko kukapereka miono Zuze ali kumsana, kamutu kakugwedezeka motsatira kutsimphina kwawo.

Kudokoko ndiye kudali chiphwete. Ndidamva ndi makutu anga tsiku lina Loweruka nditawaperekeza, msodzi wina akufuula ali m'bwato: "A Semba, nanga mkaka wayamba kutuluka?"

"Ukayamba ndikuitanani mudzayamwe," adayankha agogo, osatembenuka n'komwe.

Amene sadaseke ndi bambo. Nkhaniyi idawapeza atangotsika minibasi pa Bangula, ndipo adafika pakhomo nkhope ili gwa. Adakhala pansi pafupi ndi agogo, chipewa m'manja, n'kunena kuti akuchita manyazi, kuti anthu akuti iwo alephera kusamala bambo awo, kuti mwana wamkazi kulera mlongo wake ndi mwambo, kuti Joana adzapitiriza sukulu Zuze akayamba kuyenda.

"Nkhabe," adakana agogo m'Chisena, monga ankachitira akafuna kuti mawu alemere. "Iwe ndidakutulutsa sukulu uli ngati uyu kuti uzindikapira madzi m'bwato. Ndinkati udzabwerera nsomba zikachepa. Udabwerera?"

Bambo adakhala nthawi yaitali akutembenuza chipewa chawo, kenako adadzuka kukasamba. Sadayibwerezenso nkhaniyo.

Agogo sankadziwa kuwerenga, koma ana ankawayang'anitsitsa ngati mmene ankayang'anira madzi. Ankati pali mwana wakumsana, wapabwalo ndi wapanjira, ndipo vuto la akuluakulu n'kusokoneza atatuwa. Zuze atayamba kufuna kukhala, adamukumbira kadzenje pamchenga n'kumutchinjiriza ndi nsanza. Atayamba kukwawa, ankasesa okha minga ndi zidutswa za bango pansi pa mtengo, n'kumuleka kuti apite mpaka pomwe mthunzi wathera. Ine ankati ndine wapanjira. Wapanjira, iwo amati, amafunika anzake, amafunika kutumidwa, ndipo akabwerako amafunika womufunsa zomwe waona. Choncho ndikaweruka, ndisanavule n'komwe yunifolomu, ankati, "Tatiuza za kumeneko." Ndinkafotokoza zonse, za amene wakwapulidwa, za nyimbo yatsopano, za mbuzi imene idalowa m'kalasi, iwo akumvetsera, zala zikupota luzi. Ntchito sadandichotsere. Ndinkasesa, kutsuka mbale, kutunga madzi m'kandowa kanga, ndiponso kumugwira Zuze masana kuti iwo awongole msana. Koma anzanga akaitana, ankatambasula manja n'kunena kuti, "Bwera naye kuno, pita."

Kusukulu sizidandiyendere msanga. Ndidali nditatsalira kwambiri moti chaka chotsatira adandibwereza Sitandade 2, anzanga onse atapita patsogolo. Ndidakhala wamtali m'kalasi la tiana, ndipo anyamata adandipatsa dzina loti make Zuze. Ndikayimirira kuti ndiwerenge, wina ankalira ngati khanda kumbuyo, kalasi lonse n'kuphulika. Ndidayamba kubwerera kunyumba nthawi yopuma. Tsiku loyamba ndidati mutu. Lachiwiri ndidati ndimamva ngati Zuze akundilira. Agogo adandiyang'ana, n'kuyang'ana Zuze amene adali phee akutafuna chitsononkho. Madzulo ndili kutsuka mbale adadzakhala pafupi n'kundifunsa bwinobwino, mpaka ndidaulula zonse ndikulira.

M'mawa mwake ndidawapeza atamanga kale mwana kumsana, ndodo ili m'manja. "Tiye," adatero.

Kusukulu kudali kotalikirapo kwa munthu wa chiuno ngati chawo, ndipo dzuwa la kwathu limayamba kuwotcha likangotuluka. Tidafika belu litalira, ana onse ali pamzere. Atangoona nkhalamba yaimvi, yandevu, itabereka mwana pachitenje chamaluwa, sukulu yonse idasokonekera. Ena ankaloza, ena ankagudubuzika pansi, ngakhale aphunzitsi ankabisa pakamwa ndi manja. Ine ndidafuna nthaka itseguke. Agogo adayima pakati pa bwalo osathamangira, adavula chipewa kupereka moni kwa aphunzitsi, n'kutembenuka pang'onopang'ono kuti aliyense amuone bwino Zuze.

"Make Zuze ndine," adatero mokweza. "Amene ali naye mawu make Zuze abwere anene kuno."

Palibe adabwera. Kenako adandiweramira n'kunena chapansipansi, "Aseke ine. Iwe lowa."

Sadabwerere. Adakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi zenera la kalasi lathu mpaka kuweruka, akumupatsa Zuze phala la m'kabotolo ndi kumuingitsira ntchentche. Adabweranso mawa lake ndi mkuja. Kuseka kudatopa kokha. Ana ena adayamba kupita kukasewera ndi Zuze nthawi yopuma, ndipo dzina lija lidasamukira kwa agogo, amene ankaliyankha mosangalala mpaka imfa yawo. Ulendo umenewo udawadzutsira chiuno moti adagona masiku angapo, amayi akuwathowa ndi madzi otentha. Ndi pamene ndidaona koyamba amayi akuseka ndi apongozi awo.

Zuze atayamba kuyenda, amayi adachita mantha. Mwana ankatsimphina, mwendo wamanzere akuukoka pansi. Adamupinda, kumuwongola, kumutsina m'mapazi, ndipo adakonza zopita naye kuchipatala, akuti mwina ndi kugwa kuja. Agogo adati ayambe adikira. Adadzuka n'kuyenda kulowera kukhola, Zuze pambuyo pawo, onse awiri akupendekera mbali imodzi, kadzanja kake kali pachiuno ndendende ngati iwo. Kenako adandiuza kuti ndithamange ndimuitane. Zuze adandithamangira ndi miyendo yonse iwiri, yowongoka bwinobwino.

"Palibe chathyoka," adatero agogo. "Akuyesa kuti munthu amayenda chonchi. Kuyambira lero azitsatira ana anzake. Wakumsana watha, uyu ndi wapabwalo tsopano."

Ndipo adamumasuladi. Zuze ankalira kufuna msana wawo, iwo ankamukankhira kwa ana a mai Fatima, n'kumamuyang'anira chapatali, maso ali ofiira pang'ono.

Agogo adamwalira ndili Sitandade 7, m'nyengo ya madzi osefukira, atadwala chifuwa nthawi yochepa. Sukulu ndidamaliza mpaka Fomu 4. Sindidakhale munthu wamkulu wotchuka ayi. Ndili ndi kagolosale pa Ngabu, mwamuna ndi ana atatu, ndipo Zuze amakonza njinga zamoto pamsika womwewo.

Mwezi wathawu kudabwera alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, amene amakhala m'tauni ndipo ali ndi khanda. Atamwa tiyi adapempha kuti atenge mwana wanga woyamba, Esnati, amene ali Sitandade 3, akawathandize kulera. Adati sukulu akapitiriza konko zinthu zikakhazikika. Esnati adali pakhomo akumvetsera, maso akuwala, poti m'tauni sadafikeko. Amuna anga adayang'ana pansi. Ndidawathokoza alamuwo chifukwa chomukonda mwanayo, n'kuwauza kuti adzabwera kudzacheza patchuthi, koma kulera ayi.

"Ndiye mwanayu andigwirire ndani ine ndikapita kuntchito?" adafunsa, nkhope itasintha.

"Amuna anu paja amaswera pakhomo masiku ano," ndidatero. "Msana ali nawo."

Mpaka lero alamu anga sakundiyankha foni. Esnati adandikwiyira madzulo amodzi, m'mawa mwake adavala yunifolomu n'kupita kusukulu.