Ndinapopera Soda M'munda wa Mbewu

Ndinaononga mbewu ya mbatatesi ya mabanja asanu ndi awiri. Palibe anandikakamiza. Sindinaledzere. Ndinachita ndi nzeru zanga zonse.

Ndimalima kumtunda kwa Bembeke. Sukulu ndinalekezera sitandade 7. Kalabu yathu ili ndi munda umodzi wa mbewu. Aliyense amaponyamo yake, ikakhwima timagawana yodzala chaka chotsatira. Chaka chimenecho woyang'anira mundawo ndinali ine. Mlongo wanga, amene mwamuna wake anamwalira, anaponyamo yonse imene anali nayo.

Olima kuno chiwawu mukuchidziwa. Kukachita nkhungu ndi mvula yamawawa masiku angapo, masamba amada ngati apsa ndi moto. Mankhwala ake amafuna kupopera matenda asanalowe. Kalabu inali itagula kale, ali m'nyumba mwanga.

Mu Januwale pafoni panga panafika uthenga. Unkati akatswiri a sayansi achita kafukufuku, apeza kuti soda amapha chiwawu. Soda yemweyu wa therere. Panali ndi chithunzi cha pepala la Chingerezi. Uthengawo unabwera pagulu la kutchalitchi, unabweranso pagulu la ogula mbatatesi. Mphwanga wa ku Joni anatumizanso womwewo. Pamasamba a mchezo anthu ankangoyamikira.

Kwathu mlandu umatha ndi mboni. Zikachuluka, palibenso chokambirana. Ine anthu onsewo ndinawawerenga ngati mboni. Komanso, ndinene zoona, ndinkafuna kukhala woyamba.

Alangizi athu a zaulimi, mayi woyenda pa njinga yamoto, ndinawaonetsa. Anafufuza pafoni pawo nthawi yaitali. Anati pepalalo lilipodi, koma olemba ake anayesera m'timbale tagalasi m'chipinda, ndipo eni akewo analemba kumapeto kuti m'munda sanayese. Anandionetsa pepala lina, loyesedwa m'minda ya kumalo ozizira ngati kwathu. Anati limenelo ndilo akatswiri anzawo amatsamirapo, ndipo malangizo amene iwo amatipatsa amachokera m'menemo.

Ndinafunsa kuti lawolo alitumiza anthu angati. Anaseka, nati mwina palibe. Ndinati ndiye kuti lilibe mboni.

“Bambo, otumizawo si mboni, ndi amithenga,” anatero. “Uthenga wa maliro ukafika midzi khumi, si kuti onse onenawo anauona mtembo.”

Mlongo wanga atandipeza ndikusungunula soda mu ndowa anati, “Achimwene, sodayo tisiyireni ife a kukhitchini. Mbatatesi si therere.” Ndinamuuza kuti za sayansi sangazimve.

Ndinapopera katatu. Masamba anali obiriwira, chifukwa kunali dzuwa. Ndinajambula mundawo, ndinalemba kuti zikutheka, ndinatumiza pamagulu onse. Anthu anatumizirana. Tsiku limenelo ndinayenda ngati mwini boma.

Kenako nkhungu inatsika. Inakhala masiku asanu. Tsiku lachitatu masamba anali ndi madontho akuda. Tsiku lachisanu ndi chimodzi munda unkanunkha kuvunda munthu uli panjira. Ndinathamangira mankhwala aja, koma matenda anali atalowa kale mpaka pansi. Pokumba tinapeza zowola. Zotsala zinali ngati mazira a nkhunda, ndipo alangizi anati zosadzalika, zili ndi matenda.

Ndinaitana a kalabu, ndinanena zimene ndinachita. Anthu asanu ndi mmodzi anakhala pa mzere wa munda, kundiyang'ana. Mwa a pafoni aja panalibe ndi mmodzi yemwe.

Ndinalembanso pamagulu kuti munda uja wafa, soda sagwira. Awiri anayankha kuti pepani. Palibe anatumiza kwina. Patapita miyezi iwiri chithunzi changa chija chinandibwerera kuchokera kwa munthu wa ku Lobi. Pansi pake wina anali atalembapo kuti mlimi wa ku Dedza watsimikiza.

Mlongo wanga chaka chotsatira analima ganyu m'minda ya anthu kuti amupatse mbewu. Anadzala mochedwa, kachigawo kakang'ono. Nkhaniyi sainena. Ana ake akandiona amagwada n'kupereka moni monga kale. Pamsika anyamata amandiitana a Soda. Ndimayankha.

Inu owerenga, kafukufuku sindikumunyoza. Pepala la soda lija silinaname, ndife tinalisenzetsa katundu amene silinanene. Chimene chimathamanga pafoni ndi chokoma m'makutu. Chimene chinapulumutsa minda ya anzanga chinali pepala losatumizidwa ndi munthu. Mukamva kuti akatswiri apeza, musawerenge otumiza. Funsani kuti ayesera kuti, m'munda kapena m'mbale. Funsani ngati akatswiri anzawo akugwiritsa ntchito. Ngati mukufunabe, yesani pa mzere umodzi, wanuwanu, osati pa mbewu ya mwini.

Chithunzi chija chikuyendabe. Chikakupezani, masamba obiriwira ndi phiri kumbuyo, dziwani kuti munda umenewo unafa patangotha sabata. Ndinajambula ndine.