Dimba 08 ndi Dimba 09

Zinayamba m'chaka cha 2022, nyengo yozizira, pamene Sungeni Ndau anabwerera kuno ku Bembeke kuchokera ku Lilongwe. Anafika Lachiwiri pa 14 Juni ndi chikwama chimodzi ndi laputopu yakale. Ine ndinamuphunzitsa Sitandade 5 mu 2006. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anamulera ndi amalume ake, a Rafaelo, mlimi wa kachewere. Ndi iwo amene anamutumiza kukaphunzira za makompyuta. Ntchito m'tauni sanaipeze, ndipo Kingsley, mnyamata wa m'mudzi muno amene anamulonjeza ukwati, anakwatira wina mu Epulo chaka chomwecho.

Kalabu yathu ya ulimi wamthirira ili ndi madimba makumi awiri ndi anayi, koma thanki ndi imodzi, yodzazidwa ndi pampu ya sola. Chilimwe chilichonse tinkakangana za tsiku lothirira. Mu 2021 amuna awiri anatukulirana makasu pampope. Sungeni ataona zimenezi anauza komiti kuti angathe kulemba kapulogalamu koti m'mawa uliwonse kaziwerengera, potengera nambala ya dimba, amene tsikulo ndi lawo, n'kuwatumizira uthenga pafoni. Komiti inavomera, inaikanso lamulo limene iye mwini anapempha: a Petulo, osunga kiyi wa mpope, azitsegulira yekhayo woonetsa uthenga. Tonse tinati bola, makina alibe mbale.

Timatabwa ta manambala anapenta yekha. Sanalembe 1, 2, 3, koma 01, 02, 03. Nditamufunsa kuti ziroyo ndi wa chiyani, anati ndi woti manambala azindandalikana bwino pakompyuta, 2 asapezeke pambuyo pa 19. Mu Julayi 2023 anayesa ndi madimba asanu ndi limodzi oyamba, zonse zinayenda.

Tinayamba Lolemba pa 4 Seputembala 2023. Lachiwiri linali tsiku la madimba 07 mpaka 12. Mafoni analira kwa onse kupatula awiri: dimba 08, la a Rafaelo, ndi dimba 09, la a Susan, mayi ake a Kingsley.

A Susan anapita kwa Sungeni tsiku lomwelo. Iye anatsegula laputopu, anaona kuti mayina onse awiri alimo, ndiye anati vuto ndi netiweki, popeza nyumba ziwirizo zili kuseri kwa phiri. Anawauza kuti aziika foni pamalo okwera. Sanakayike n'komwe za ntchito yake, ndipo apa ndi pomwe analakwa. Tsiku lawo litakwananso, mafoni aja anangoti zii. Sungeni anapempha a Petulo kuti angowatsegulira, koma iwo anakana: lamulo linali lake lomwe, ndipo wolisintha ndi komiti yokha, imene imakumana Loweruka loyamba la mwezi. Mtsinje unali utaphwa. Kachewere wa a Rafaelo anali atangoyamba maluwa, ndipo ndinkawaona mkuluyo akukwera chitunda ndi makeni awiri a madzi a pachitsime, othirira mizere itatu yokha.

Lamlungu pa 24 Seputembala, titaweruka ku Misa, Sungeni anayendetsa kapulogalamu kaja ndi manja, iye akuyang'ana. Masiku onse kankadziyendera kokha popanda woona zimene kakulemba. Anabwera kwanga atanyamula laputopu. Anandionetsa kamzere kamodzi kodandaula za 08 ndi 09. Anati chida chimene chimawerenga malamulo akewo, chotchedwa bash, chikaona ziro kutsogolo kwa nambala chimasiya kawerengedwe kathu ka makumi n'kutenga kena, kamene zizindikiro zake zimathera pa 7. Kuyambira 01 mpaka 07 palibe kusiyana, n'chifukwa chake mayeso a mu Julayi sanaonetse kanthu. Koma 8 ndi 9 m'kawerengedwe kameneko mulibe, ndiye kapulogalamu kankangodumpha madimba awiriwo n'kupitirira. Ine ndinamva msanga, chifukwa masamu otere ndinawaphunzitsapo kalekale. Analemba 10 ndi kachizindikiro konga kampanda kutsogolo kwa nambala ya dimba, kuuza makinawo kuti aziwerenga m'makumi. Tiyi amene ndinamuthirira anali asanazizire pomwe ankamaliza. M'mawa mwake mafoni awiri aja analira, koma m'madimbamo munali mutatsala mapesi.

Komiti inakumana pa 7 Okutobala, ndipo kunabwera ngakhale anthu opanda dimba. Sungeni anaimirira, anavomera kulakwa kwake, anafotokoza za ziro. A Susan anamusiya amalize.

"Ndiye kompyuta yakoyo imawerenga bwinobwino mpaka seveni," anatero, "koma ikafika pa dimba la mayi wa Kingsley imaiwala sukulu?"

Anthu anaseka. Sungeni anati, "Amayi, dimba la amalume anga nalonso lauma."

"N'chifukwa chake ndikukuopa, mwanawe. Unalolera kuwotcha amalume ako kuti tisakudziwe."

A Petulo anafunsa kuti ngati kukonzako kunali kwa kanthawi kochepa chotero, nanga milungu itatu ankadikira chiyani. Funso limenelo linali loona. Ine ndinatenga khala n'kuyamba kulemba pakhoma la sitolo ya kalabu kuti ndiwaonetse kawerengedwe kaja. Wina kumbuyo anati aphunzitsi akuikira kumbuyo mwana wawo, wina anati sukulu tinaweruka kale. Ndinakhala pansi.

A Rafaelo anayankhula pomalizira, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

"Za ziro ine sindikuzidziwa, Sungeni. Ndinabwera kwa iwe kawiri. Unati ndikweze foni pamtengo, ndinakweza. Ndinkaima pansi pa mtengowo m'mawa, anthu akudutsa ndi makasu."

"Amalume, sindinachite dala."

"Sindinanene kuti unachita dala," anatero, n'kuvala chipewa.

Komiti inamulanda Sungeni kiyi wa sitolo amene ankasunga. Kapulogalamu kake sanakachotse, chifukwa palibe amene ankafuna kubwerera ku makasu a 2021. Mpaka lero kakugwira ntchito, ndipo sikanadumphenso dimba la munthu. Amene ankaseka pamsonkhano paja amathirira ndi uthenga wake, ndipo alendo akabwera kudzaona kalabu amawaonetsa laputopuyo monyadira, dzina la mwini wake osalitchula.

Ku chigayo amayi anayamba kumutcha Ziro. Ku tchalitchi anamuchotsa pa gulu la owerenga mawu, ati mpaka mitima izizire. A Rafaelo, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, anagwira ganyu m'minda ya anzawo kuti apeze mbewu ina. Sanamuthamangitse Sungeni pakhomo, ndipo sanamutukwane. Ankangomupatsa moni wa m'mawa ngati mlendo. Mvula itagwa pa 28 Novembala, iye anawabzalira munda wonse wa chimanga, anapalira, anathira feteleza woyamba, akuyembekeza kuti tsiku lina amalume ake amuitana kuti adye pamodzi monga kale. Pa Khirisimasi anawaphikira nkhuku, ndipo iwo anakadyera kwa mlongo wawo ku Lobi.

Sungeni anabwera kudzanditsanzika madzulo a Lamlungu pa 7 Januwale. Anati mnzake wamupezera malo pa shopu yokonza mafoni ku Blantyre. Anandipempha kuti ndikauze a Petulo kuti akadzawonjezera madimba asadzaope ziro, zonse anazikonza. Laputopu anaisiyira kalabu. Ndinamufunsa ngati amalume ake akudziwa, anati wawauza ndipo ayankha kuti ayende bwino.

Ndinamuperekeza ndekha mpaka kumsewu waukulu, kuli nkhungu. Anakwera minibasi Lolemba pa 8 Januwale 2024.