Matayala Atsopano a Karinya ya Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene ababa anakweza karinya yawo, pikiapu yakale imene anaigula kwa bwana wawo wa nsomba ku Liwonde. Ababa anamuyendetsera bwanayo galimoto zaka zonse zimene tinakhala ku Malawi pothawa nkhondo. Inali yoyera kale, koma pofika m'manja mwa ababa inali itasanduka yaphulusa, chitseko cha kumanzere chomangidwa ndi mphira. Ndiyo inatibweretsa kuno ku Mecanhelas mtendere utabwera, ine ndi amayi titakhala pamwamba pa mphasa ndi malata, nkhuku zikulira m'dengu.

Kwathu kwenikweni sitinafikeko. Tinamanga pafupi ndi posto, boma laling'ono la ku Chiuta, chifukwa mudzi wathu wakale, kuseri kwa dambo cha kunyanja, unali utasanduka tchire. Kumeneko n'kumene kunagona mchimwene wanga Yusufu. Anamwalira ndi malungo sabata imene anthu ankathawa, ndipo ababa anamuika mothamanga pansi pa mtengo wa mango, popanda shehe, popanda pemphero la duwa, popanda sadaka. Ine sindimukumbukira, ndinali kumsana. Koma ndinakula naye m'nyumba, chifukwa ababa sankatha kudya nyama ya Idi osatchula dzina lake. Ankati, "Mwana uja ndinamukwirira ngati si mwana wa munthu. Ndikadzapondanso kwathu ndidzamuphikira mpunga pamanda pake, shehe awerenge, anthu adye." Amayi akamva zimenezo ankadzuka kukayang'ana madzi pamoto, ngakhale madziwo asanawire.

Masiku amenewo njira zinali ndi lamulo limodzi, ndipo mwana aliyense ankalidziwa asanadziwe kuwerenga: ponda pamene waponda mnzako. Nkhondo inatha pakamwa pa akuluakulu, koma mabomba okwirira pansi sanamve kuti kwabwera mtendere. Njira ya kumudzi wakale inali mizere iwiri yokha, yopondedwa ndi makarinya a ogula nsomba, ndipo apansi ndi apanjinga omwe ankadutsa m'mizere yomweyo. Mkodzo ukakugwira unkangonjuta pakati pa njira. Manyazi tinawasiya ku Malawi. Ababa lamuloli ankalisunga kuposa munthu wina aliyense. Tsiku lina anandipatsa khofi la kukhutu chifukwa chotambasula mwendo kuti ndithyole duwa m'mbali mwa njira, ndipo ndi khofi lokhalo limene ndinalandirapo kwa iwo.

Vuto linali lakuti mizere ija inakumbika kwambiri m'dambo, pakati n'kutsala mtumbira wautali. Makarinya a ogula nsomba anali ataliatali, ankangodutsa. Yathu inali yaifupi, masipuling'i atatopa, ndipo kawiri konse inakhala pamimba pamtumbirapo, matayala akuzungulira m'mwamba ngati kamba wokwezedwa pachitsa. Kutitimira kumeneko sikunali nkhani yoseketsa, poti sunkatha kupatuka kukadula nthambi zoyala pansi. Ulendo wachiwiri tinakhala padzuwa mpaka ogula nsomba anatipeza n'kutikokera m'mbuyo.

Amayi anati tingopita panjinga. Ababa anakana. Shehe wathu, Che Bonomali, anali wokalamba ndipo maondo ake sakanatha ulendowo, komanso panali thumba la mpunga, mbuzi ndi miphika. Koma chifukwa chenicheni ababa anachinena motsitsa mawu. "Ndinachokako ndikuthamanga wapansi. Sindibwererako ngati wothawa."

M'mawa wina anadula ndodo yansungwi, nanditenga kupita kudambo kuja, ine kumbuyo kwawo ndikuponda m'mapazi mwawo. Pamalo pamene tinkatitimira anaimika ndodoyo mumzere, n'kulemba ndi mpeni pamene panalekezera mtumbira. Anandipatsa ine kuti ndiisunge. Ndinainyamula monyada ngati ndapatsidwa mbendera ya sukulu.

Tsiku lotsatira tinapita ku vila, tauni yathu, ku ofisina, galaja ya Mestiri Rafaeli, makaniko wamfupi wa dazi, amene ankalankhula ndudu ili pakamwa. Anawonjezera zitsulo pamasipuling'i, karinya n'kudzuka ngati munthu amene wachira msana. Kenako anagubuduza matayala a mitundu iwiri. Oyamba anali okulirapo pang'ono kuposa athu, olowa pamalimu omwewo. Enawo anawachotsa pagalimoto ya azungu ogawa chakudya imene inafera kuseri kwa ofisinayo: akuluakulu, onenepa, a mano ngati a thirakitala, ali ndi malimu awoawo.

Ababa sanali Safunsa uja anadya phula. Anafunsa, ndipo Mestiri anayankha mosabisa. "Che Amidu, mapineu aakuluwa amamwa mafuta. Mabuleki adzalemera. Pokhota muzikhota ngati mwasenza mazira, poti galimoto yaitali sichedwa kugona chammbali. Ndipo tayala lapadera lanu laling'onoli lisanduka chidole." Ababa ankangogwedeza mutu. Anayesa oyamba aja, ine n'kulowa pansi ndi ndodo yanga. Mimba ya karinya inapereweza zala ziwiri kuti ifike pa chizindikiro. Atayesa aakulu aja inapitirira, mpata n'kutsala woti nkhuku ingadutsepo itaimirira.

"Asiyatu, waona bwanji?" anandifunsa.

"Adutsa, ababa."

"Basi, ndi omwewa."

Kuti asamakhule mkati pokhota, matayalawo anayenera kukhala motulukira kunja, ndipo Mestiri anadula madigadi ndi tchizulo kuti apeze malo. Matayalawo anatuluka m'thupi la galimoto chikhatho chimodzi uku, chikhatho chimodzi uko. Tonse tinaona, ndipo tonse tinati zakongola. Pobwerera ana anatithamangira akukuwa kuti kwabwera kamiyau, lole yaikulu, ndipo amayi anafunika kupondera pamtondo kuti akwere. Anaseka tsiku limenelo, amayi, mpaka kugwira m'mimba. Ababa anawanyogodola kuti akwatiwa ndi munthu wamkulu tsopano, ayambe kuvala nsapato.

Tinanyamuka m'mawa, dzuwa la chilimwe lisanapse, mvula isanayambe. Che Bonomali anakhala kutsogolo ndi ababa. Ine ndi amayi tinali kumbuyo ndi mpunga, miphika ndi mbuzi yakuda yomangidwa miyendo. Achibale ena anatitsatira panjinga. Ababa anavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu, ndipo ankayendetsa pang'onopang'ono, maso ali pamizere. Titafika pamtumbira uja tinadutsa osamva ngakhale kukhula. Ababa anatulutsa dzanja pawindo n'kumenya chitseko kawiri mokondwa, ine n'kuwomba m'manja.

Ndinali nditakhala choyang'ana kumbuyo, ndipo ndinaona chinthu chimene mpaka lero chimandibwerera ndikatseka maso. M'mphepete mwa mizere yakale ija, kunja kwake, udzu unkatsala utagona mwatsopano, kamzere kobiriwira mbali iyi ndi mbali iyo, ngati mpendero wa nsalu. Ndinkangoti n'zokongola. Mwana amaona zinthu, koma tanthauzo lake limabwera mochedwa.

Phokosolo sindilikumbukira. Ndimakumbukira dothi m'kamwa, fungo la mphira wopsa, ndi mbuzi ikutsegula kukamwa koma ine osamva kulira kwake. Karinya inali itagwada chakutsogolo kumanja, mbali ya woyendetsa. Amayi anandigwira paphewa mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa, ndipo makutu atayamba kutseguka ndinamva akukuwa kuti, "Usatsike! Usaponde paudzu!" Iwo anatsikira kumbuyo, nayenda mumzere, kenako anakwawira pamwamba pa galimoto kuti akafike kwa ababa. Che Bonomali anatuluka ndi mabala kumaso okha. Ababa miyendo yawo inali itaphwanyika.

Achibale apanjinga aja anamanga machira ndi chitenje cha amayi. Tinabwerera m'mizere yomwe ija, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, osatha ngakhale kuyenda pambali pa wodwala kuti umugwire dzanja. Chimenecho chimandipweteka kuposa zonse. Ababa analankhula kamodzi kokha, ndipo sanalankhule ndi ife. Anauza shehe kuti, "Sindinapatuke, mwalimu. Ndinali m'njira." Shehe anayankha, "Munali m'njira, Che Amidu." Ababa anamwalira tisanafike ku posto.

Ankanena zoona. Chiwongolero anachigwira bwino mpaka pomaliza. Galimoto inali m'njira, koma matayala ake anali atakula kuposa njirayo. Bomba lija linakhala pamenepo zaka zonsezo, chikhatho chimodzi kuchokera pamene makarinya onse ankadutsa, ndipo palibe analikhudza mpaka tsiku limenelo.

Mpunga uja ndi mbuzi yakuda ija anthu anakazitenga, ndipo zinadyedwa pa sadaka ya ababa. Che Bonomali, nkhope ili m'mabandeji, anatchula mayina awiri m'duwa, la bambo ndi la mwana. Mestiri Rafaeli anabwera wapansi kuchokera ku vila, nakhala kunja kwa mpanda tsiku lonse osadya, osasuta. Amayi anamutumizira madzi. Sanamunene chilichonse, tsiku limenelo kapena lina lililonse, poti munthuyo anachenjeza zonse zimene ankazidziwa.

Patapita zaka anabwera ochotsa mabomba, nakhoma timitengo tofiira m'dambo monse, ndipo njira itatsegulidwa ine ndi amayi tinapita kumudzi wakale. Tinapeza mitengo ya mango yambirimbiri, ina yomera yokha, ina yogwa ndi moto wolusa. Amene ankadziwa mtengo wake anali ababa okha. Tinazungulira mpaka dzuwa kupendeka, kenako amayi anakhala pansi pa mtengo wina uliwonse n'kulira pamenepo.

Kwa nthawi yaitali ndinawakwiyira ababa. Ndinkati anafera kunyada, akanangomvera amayi n'kukwera njinga. Mkwiyowo unatha nditabereka ana anga, chifukwa tsopano ndikudziwa zimene munthu angachite kuti akafike pamene pagona mwana wake. Sanali munthu wosasamala. Anayeza, anafunsa, anamvera. Koma munthu amayeza chimene chikumusautsa, ndipo chimene chakhala chikumusunga mwakachetechete saganiza n'komwe zochiyeza. Mtumbira unkatisautsa, choncho tinauyeza. Kuchepa kwa matayala athu akale ndiko kunkatisunga amoyo, ndipo tinakutaya kuseri kwa ofisina tikuseka.

Lero mwana wanga wamwamuna amayendetsa karinya yonyamula nsomba kupita ku Cuamba. Chaka chatha anabwera atasangalala, akuti akufuna kuikweza n'kuikamo matayala aakulu, poti msewu wa ku Amaramba umavuta nthawi ya mvula. Mabomba anachotsedwa kalekale, ndipo sindinamuletse. Ndinangolowa m'nyumba n'kusolola kudenga ndodo yansungwi ija, yakuda ndi mwaye, chizindikiro cha mpeni wa agogo ake chikuonekabe. Ndinamuuza kuti asanasinthe chilichonse ayambe wafunsa chimene matayala akalewo akhala akumuchitira osamuuza. Anailandira n'kuiimika pansi, monga anachitira ababa, monga angachitire aliyense. Ndinaitenga m'manja mwake, n'kuigoneka chopingasa pakati pa matayala awiri akutsogolo. Akanati ababa aigoneke choncho kamodzi kokha m'dambo muja, bwenzi Yusufu atadyeredwa mpunga wake.