Mkamwini Amene Adalimira Galimoto

Mwa amuna onse a ku Mauwa amene adapita ku Joni dziko litangosintha, a Yesaya Nampuluma ndiwo adabwerako ndi katundu wochepetsetsa. Anzawo adatsitsa pa basi njinga, mawailesi a kaseti ndi mabulangete olemera. Iwo adatsika mu 1999 ndi katoni imodzi, ataikumbatira pachifuwa ngati mwana wodwala. Akazi awo, a Bernadetta, adali ndi chikhulupiriro chonse kuti muli makina osokera. Katoniyo itatsegulidwa, mudapezeka kagalimoto kotalika ngati mkono wa munthu, ka matayala a mano, pamodzi ndi kabokosi ka mlongoti koyendetsera kagalimotoko munthu ali chapatali.

"Ndiye chidolechi mwagulira Lilian?" adafunsa motero a Bernadetta.

"Mayi a Lilian, chidole amachita kukoka ndi chingwe. Iyi ndi galimoto ya mpikisano, yoyenda m'malo opanda msewu."

"Malo opanda msewu? Ndiye yafika kwawo."

Ku Joni a Nampuluma ankasesa m'sitolo yogulitsa timagalimoto totere. Loweruka abwana awo ankawatenga ku mpikisano, kumene udindo wawo udali kuima pakona ndi kudzutsa timagalimoto togubuduzika. Udindowo udali wochepa, koma pakonapo adaphunzirapo mfundo imene adaisunga moposa katekisimu: galimoto siikonzedwa m'nyumba, imakonzedwa molingana ndi nthaka imene ikayendepo.

Chotero adayamba kuikonzera nthaka ya Chiradzulu. M'miyendo ya kagalimotoko mudali timipope tinayi ta mafuta, timene eni ake ankatitcha mashoko, toletsa kudumphadumpha. Mafuta a ku Joni atatha, adayesa mafuta ophikira a akazi awo, koma kukatentha ankapyapyala ndipo kagalimoto kankanjanja ngati chiwala. Adayesa a nsatsi okhaokha, kagalimoto kadauma miyendo ngati nkhalamba. Pomaliza adapeza muyeso wosakanizira mitundu iwiriyo, ndipo muyesowo sadauzepo munthu. Matayala atatha mano, adamatapo zidutswa za tayala la njinga. Batire ankapita nalo pamsika kwa wotchaja mabatire a wailesi, atalikulunga m'mpango.

Chimene chidasowa ndi malo. M'dera limene munthu akaponya khasu limagwera m'munda wa mnzake, bwalo la mpikisano silipezeka mwachisawawa. M'kanjira kopita kuchigayo, a njinga zonyamula anthu adawatukwana. Pabwalo la sukulu aphunzitsi adawapempha mwaulemu kuti asabwerenso, popeza ana onse adatuluka m'kalasi. Ndipo a Nampuluma adali pachikamwini: pamudzipo, nthaka imene akadaitcha yawo idali ya m'zikhadabo mwawo yokha. Minda yonse idali ya apongozi awo, a Bibiana.

A Bibiana adapirira chaka chathunthu. Mu Seputembala wa chaka chotsatira adakhala pakhonde atapereka msana kwa mkamwini wawo, monga mwa ulemu, n'kulankhula ndi mwana wawo mokweza kuti mawu akafike kumene ankapita.

"Bernadetta, uwauze a Nampuluma kuti munda wa kumtsetse uja sudzilima wokha. Mvula ikagwa mulibe mizere, anabwera ndi katoni, adzapitanso ndi katoni. Amuna m'mudzi muno sanathe."

A Nampuluma ankawakonda akazi awo, ndipo kwawo ku Milepa kudalibe munda wowadikira, pakuti kumeneko nthaka idali ya alongo awo. M'mawa mwake adasenza khasu.

Atafika pamwamba pa mundawo adaima nthawi yaitali. Adaona mtsetse wa dothi lofiira, chulu chapakati, ndi mwala waukulu kumunsi. Zaka zonse banjalo linkalima mizere yolunjika, yochokera kumtunda kutsikira kumunsi. Koma galimoto yotsika molunjika chotero ikadakaswekera pamwala. Bwalo labwino limadula phiri mopingasa, n'kumakhota pang'onopang'ono kuti liwiro lisapitirire.

Palibe mkamwini m'mbiri ya mudziwo amene adalimapo ndi changu chotere. Ankapita kumunda mame asadaume n'kubwerako dzuwa litapendeka. Mizere yawo idazungulira chulu, idapewa mwala, idakhota ngati njoka yokhuta. Pakati pa mizere adasalaza bwino kuti padutse matayala, ndipo apo ndi apo adaunda timizere topingasa tolumphapo galimoto. Akalima pang'ono ankatulutsa kagalimoto m'thumba, n'kukayendetsa. Kakagwa chamutu potsika, ankatsitsa kamzere kapena kulimbitsa sipuling'i yakutsogolo.

Anthu odutsa ankaima n'kugwira pakamwa.

"Achimwene, kachasu wa dzulo anali wa kwa ndani? Tikagule nafe!"

"Chimanga chake chidzamera chikuzungulira mutu!"

A Bibiana nawo adapita kukauona mundawo. Madzulo adatumiza uthenga kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti adzakumane Loweruka. A Bernadetta adalira, kenaka adafunsa amuna awo ngati katoni ija idakalipo kapena afunefune ina.

Lachinayi lake, a Nampuluma ali kumunda, padaima njinga yamoto. Adatsikapo a Geoffrey Mlaviwa, mlangizi wa bungwe lina loona za kuteteza nthaka. Bungwelo lidali litachititsa maphunziro kangapo konse ophunzitsa alimi kulima mizere yopingasa phiri. Alimi ankabwera mwaunyinji, ankadya mpunga wa nyama, ankawomba m'manja, n'kubwerera kukalima monga adalimira makolo awo. Tsopano alendo opereka thandizo adali m'njira kudzaona zipatso za maphunzirowo, ndipo a Mlaviwa adali atazungulira midzi yambiri osapeza chipatso ngakhale chimodzi.

Adayang'ana mundawo ngati munthu waludzu amene waona mjigo.

"Bambo, munakhala nawo pa maphunziro athu ati?"

"Sindinapiteko, alangizi. Ili ndi bwalo la galimoto."

A Mlaviwa adayang'ana kagalimoto kamene kadali pachulu, mlongoti uli njo. Adaganiza mofulumira, monga amaganizira munthu amene ntchito yake ili pangozi.

"Munakhala nawo pa achiwiri. Munakhala kumbuyo, n'chifukwa chake simukukumbukira. Mawa kubwera alendo. Kagalimotoko mukabise."

"Koma alendowo akanaona mmene imalowera pakona iyi..."

"Bambo, alendo athu magalimoto ali nawo. Chimene akusowa ndi mlimi."

Alendo adafika Lachisanu pa magalimoto oyera, amene adasiyidwa kutali chifukwa cha kuipa kwa njira. Adayenda m'mundamo atavala zipewa, akujambula. A Mlaviwa adafotokoza kuti mizere yokhotayo imachepetsa liwiro la madzi, ndipo timizere topingasato timasunga chinyontho. Zonsezo zidali zoona, ndipo choonadicho chidawapweteka a Nampuluma, amene adaima pambali ataumitsa khosi, akuona mlendo wonenepa akuponda malo abwino koposa olumphirapo. Mlendo wina adafunsa chimene chidawalimbikitsa kusiya kalimidwe kakale. A Nampuluma adayankha kuti adatopa ndi kugubuduzika. Womasulira adaona kuti n'kwanzeru kunena kuti adatopa ndi kukokoloka kwa nthaka, ndipo alendo adawomba m'manja.

A Bibiana, monga mwini munda, adaitanidwa kutsogolo. Adalandira chitenje cha bungwe, khasu latsopano ndi thumba la mbewu ya nandolo. Atafunsidwa maganizo awo, adanena kuti iwo adaona kale nzeru mwa mwanayu tsiku limene adabwera kudzafunsira. Ankhoswe atafika Loweruka, adapatsidwa thobwa n'kuuzidwa kuti adaitanidwa kudzaona chikwangwani chimene bungwe lidakhoma m'mphepete mwa munda.

Banja lidapulumuka motero, koma bwalo lidapita. Mvula itagwa, a Bibiana adadzala chimanga pamizere, maungu m'makona, ndi nandolo paliponse pamene padatsala. A Nampuluma adadzitonthoza kuti chimanga chikakololedwa adzabwerera pabwalo lawo. Adaiwala khalidwe la nandolo, amene amatsala chiimire m'munda chilimwe chonse ndipo amachoka nthawi yolimanso itakwana. M'chaka chonse cha munda umenewo mudalibe mpata wa galimoto.

Komabe chaka chimenecho mvula idakokolola minda yoyandikana nawo, n'kusiya wa a Bibiana. Anthu amene sadamve za mpunga wa nyama adamva za nkhokwe. Mmodzimmodzi adayamba kufika pakhomo, chipewa kumanja, kupempha kuti a Nampuluma akawalembere mizere. Iwo adavomera, koma adaika lamulo limodzi losasinthika: munda ukatha kulimidwa, mbewu isalowemo kufikira iwo atauyesa masana amodzi.

Kuyambira pamenepo, nyengo yolima ikafika, anthu a ku Mauwa adazolowera kuona bambo wa imvi zoyamba ataima pachulu cha mwini wake, kabokosi m'manja, lilime lili panja, kagalimoto kakulira m'mizere ndi kuutsa fumbi lofiira. Eni munda amakhala pamthunzi ndi mbewu zawo m'mbale, akudikira moleza mtima. Kagalimoto kakagubuduzika, amapukusa mitu n'kutenga makasu kukakonza konayo, pakuti aliyense akudziwa kuti pogwa galimoto ndi pamene padzadutse madzi.

A Bibiana sasowa pa miyambo imeneyi. Amabwera atavala chitenje cha bungwe chija, chimene tsopano chidasuluka, ndipo ntchito adadzipatsa okha. Wina akayandikira mizere kapena kuseka mokweza, amamuloza ndi ndodo.

"Tachokani apo, inu! Simukuona kuti apongozi anga akuyeza nthaka?"