Tsiku Limene Ndinasanduka Chulu

Kuno ku Sinda amandidziwa: ine Mbewe ndikatsokomola pakhomo, agalu a kutsidya amakhala chete. Zovala zanga nazo n'zachimuna, buluku la kaki longa dothi ndi malaya obiriwira mothimbirira ngati a asilikali, zonse za pa salaula, msika wa zovala zakale ku Katete. Achinyamata amati ndimatchena. Ine ndimazikonda poti sizionetsa litsiro.

Koma lero ndiulule. Chaka chatha ng'ombe zanga zinadya mbatata za a Nabanda, mayi wamasiye wa pakamwa ngati lumo. Nditawamva akubwera akulalata, ine amene sindiopa munthu ndinangopisa mapazi m'patapata za mkazi wanga, zofiira psuu, n'kuthawira kuseri kwa khola. Ndinagona chafufumimba pachulu, mumtima ndikuti, ndi zovala izi andione ndani?

A Nabanda anafika n'kuima pomwepo. Anatukwana ng'ombe, anatukwana mwini wake, ndi dazi langa lomwe analitchula. Nyerere zinalowa m'buluku n'kumaluma malo osatchulika, ine zii, ngakhale kupuma ayi.

Atatopa anati, "Chabwino, mwini wake kulibe. Koma dziko lasintha, abale! Masiku ano chulu chikuvala patapata."

Madzulo ndinatumiza thumba la chimanga kwawo, mkazi wanga ndikumuuza kuti n'chifundo chabe pa amasiye.

A Nabanda sanaululire munthu. Koma Lamulungu lililonse pakhomo la tchalitchi amandigwadira mwaulemu wonse n'kufunsa, "Mwadzuka bwanji, a Chulu?"

Ndipo ine, chimawu chonsechi, ndimayankha monong'ona.