Bokosi Lachikasu ndi Thumba la Ufa

Amuna anga atabwerako ku maphunziro akunja, zaka zija maminibasi atangoyamba kuchuluka mu Lilongwe, anthu a ku Area 25 ankayesa abwera ndi udokotala. Chonsecho anakaphunzira kulongedza ndi kunyamula zinthu zotulutsa cheza choopsa chosaoneka ndi maso. Ine ndinkawaseka kuti munthu wadigiri mpaka kukwera ndege kukaphunzira kumanga katundu, ntchito imene amayi ogulitsa tomato ku Kawale amaidziwa chibadwire.

Masana ena a mu Okutobala ndinkachokera kuchigayo ndi apongozi anga, mayi a amuna anga, amene anabwera kuchokera ku Rumphi kudzandidikirira poti ndinali woyembekezera. Thumba la ufa anasenza ndi iwo, ine atandikaniza. Kenaka pikapu ya kuntchito kwa amuna anga inaima pambali pathu. Kumbuyo kunali bokosi lachikasu lomangidwa ndi tcheni, la makina oyezera kulimba kwa msewu, amene amatulutsa cheza chija.

Kwathu kuno galimoto ya m'bale wako ikaima sufunsa, umangokwera, ndipo bokosi lililonse ndi mpando. Apongozi anali atayamba kale kutula thumba pamene mwana wawo anatsika mofulumira.

"Pepani amayi, musakwere. Ngakhale ufawo usakwere."

Dalaivala anayang'ana kumbali ndi manyazi. Amuna anga anafotokoza kuti bokosilo silinyamulidwa pamodzi ndi anthu kapena chakudya, koma maso awo anali pamimba panga. Apongozi anangoti sukulu yawalanda mwana. Ine mtima unandiwawa. Ndinkadziwa kuti nkhaniyi ikafika kumudzi adzatchedwa wokana mayi ake, ndipo dzina lotere silichoka ndi sopo.

Amuna anga anauza dalaivala kuti aimike galimoto pansi pa mtengo, kutali ndi ana, ndipo asachokepo. Anavula jekete, napempha nkhata kwa mayi awo, n'kusenza thumba lija pamutu, tayi ali m'khosi. Azimayi a pampopi anaseka mpaka kugwira nthiti. Ufa unkawathothokera m'mapewa njira yonse, apongozi akutsatira pambuyo.

Titafika kunyumba, apongozi anawasasa malaya ndi chitenje chawo, nawakumbutsa kuti abwerere msanga kubokosi lawolo.

Mpaka kumwalira kwawo, apongozi sanakhulupirire kuti bokosi lotseka lingapweteke munthu. Koma ku Rumphi ankangosimba za mwana wawo wophunzira amene anawasenzera ufa pamutu, tauni yonse ikuona.